Hank Aaron tisamuyeze ndi usiku umodzi

Usiku wa pa 8 Epulo 1974, anthu 53,775 adadzaza bwalo la timu ya baseball ya Braves mumzinda wa Atlanta, ku America, ndipo onsewo adadzera chinthu chimodzi. Bambo wa zaka 40, wovala nambala 44 kumsana, adaima ndi ndodo yake pamalo omenyera mpira. Woponya wa Los Angeles Dodgers, Al Downing, yemwe naye adavala nambala 44, adaponya. Ndodo idalira, mpira udakwera m'mwamba n'kukagwera kuseri kwa mpanda wa kumanzere, ndipo Hank Aaron adayamba kuzungulira ngodya za bwalo mosapupuluma, monga momwe adachitira maulendo 714 m'mbuyomo. Anyamata awiri achizungu adadumphira m'bwalo n'kumathamanga naye limodzi akumugwira paphewa. Atafika pomwe adayambira, mayi ake, a Estella, adamukumbatira osafuna kumutaya. Imeneyo idali home run yake ya 715. Rekodi ya Babe Ruth ya 714, imene idakhala chikhalire kuyambira mu 1935 anthu akunena kuti palibe adzaifike, idaphwanyidwa ndi mwana wa munthu wakuda wa ku Alabama.

Chithunzi cha usiku umenewu ndicho chimaonetsedwa chaka ndi chaka pokumbukira Aaron, ndipo n'chokoma ndithu. Koma chili ndi vuto lake. Chimapangitsa anthu kuganiza kuti ulemu wonse wa munthuyu udakolekedwa pa msomali umodzi, woti adaposa Ruth. N'chifukwa chake Barry Bonds atadutsa chiwerengero chomaliza cha Aaron cha 755 mu 2007, ena adayamba kuyankhula ngati kuti mfumu yachotsedwa pampando ndipo chatsala n'kuimvera chisoni, pamene ena, pofuna kumuikira kumbuyo, adatha mphamvu zawo kulimbana ndi Bonds, ngati kuti dzina la Aaron lingaime pokhapokha la mnzakeyo litagwa. Onsewa akuphonya. Ukulu wa Hank Aaron udali m'ntchito ya tsiku ndi tsiku imene adaigwira bwino kwa zaka 23 osagwa ulesi. Umenewu ndiwo muyeso umene ine ndikuuona woyenera poweruza moyo wonse wa wosewera, ndipo pa muyeso umenewu palibe womenya mpira wa baseball amene adamuposa.

Kuti mfundoyi imveke, tiyambe taona momwe masewerowa amayendera, poti kuno kwathu si ambiri amene adawaonerapo. Woponya amaima mamita 18 okha kuchokera pa womenya. Amaponya kampira kolimba gwa, kokula ngati lalanje laling'ono, pa liwiro lopitirira makilomita 140 pa ola, nthawi zina atakapotokola ndi zala kuti kakhote kali m'malere. Womenya ali ndi nthawi yosakwana theka la sekondi yoti akaone, aganize, n'kukamenya ndi ndodo yobulungira. Akamenya bwino n'kufika pa ngodya yoyamba adani asadamutseke, amati wapanga hit. Akamenya mpaka mpira kudutsa mpanda, imeneyo ndiyo home run, ndipo amazungulira ngodya zonse zinayi popanda womuletsa. Ntchitoyi ndi yovuta moti wopambana katatu pa maulendo khumi amatchedwa katswiri. Tsono chimene chimasiyanitsa baseball ndi mpira wamiyendo umene tidauzolowera ndi kuchuluka kwa magemu. Timu imasewera magemu 162 pa chaka, kuyambira kumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo mpaka kumapeto kwa Sepitembala, pafupifupi tsiku lililonse, sabata ino mzinda uno, ya mawa mzinda wina. Nthawi imene Aaron ankayamba magemuwo adali 154. M'masewero otere mwayi suchedwa kutha. Munthu angathe kuwala mwezi umodzi, ngakhale chaka chathunthu, koma oponya amamuphunzira, amapeza pamene pali chilema chake, n'kumaponya pomwepo mpaka dzina lake litazilala. Amene wakhala pamwamba zaka 20, ndiye kuti oponya a mibadwo iwiri adamusanthula mbali zonse n'kusowa pomugwira.

Aaron adalowa mu ligi yaikulu pa 13 Epulo 1954 ndi timu ya Milwaukee Braves, malo atapezeka chifukwa Bobby Thomson adathyoka kakolo pokonzekera sizoni. Kuyambira 1955 mpaka 1974, zaka 20 zotsatizana, sadalepherepo kumenya ma home run 20 pa chaka, ndipo pa zaka 15 mwa zimenezi adafika pa 30 kapena kupitirira. Zaka 21 zotsatizana ankasankhidwa kukasewera gemu ya akatswiri okhaokha ya All-Star. Pamene ankapachika ndodo mu 1976 adali ndi ma hit 3,771, ndipo mpaka lero omuposa ndi awiri okha, Pete Rose ndi Ty Cobb. Zigoli 2,297 zidalowa chifukwa cha ndodo yake, chiwerengero chimene palibe adachifikapo. Pali chiwerengero china chimene eni masewerowa amachiona chofunika kwambiri, chophatikiza ngodya zonse zimene munthu adafika chifukwa cha kumenya kwake. Za Aaron ndi 6,856. Womutsatira, Albert Pujols, amene naye adasewera zaka zoposa 20, adathera pa 6,211. Ngodya iliyonse ndi mamita 27 ndi pang'ono, kotero pakati pa woyamba ndi wachiwiri pali mtunda wa makilomita oposa 17, ulendo wapansi wa maola atatu ndi kupitirira. Koma umboni umene umandigwira mtima kuposa wonsewu ndi uwu: mutachotsa ma home run onse 755, ngati kuti sadamenyepo ndi imodzi yomwe, Aaron amatsalabe ndi ma hit 3,016. Mu baseball, kufika pa ma hit 3,000 ndi chizindikiro chokwanira choti munthu adali mmodzi mwa akuluakulu. Ndiye kuti ngakhale mutamulanda chinthu chimene amatchuka nacho, amatsalabe katswiri wa akatswiri.

Otsutsa amayambira poti Aaron sadamenyepo ma home run 50 pa chaka chimodzi. N'zoona. Chiwerengero chake chachikulu chidali 47, mu 1971, pamene Ruth adamenya 60 mu 1927, Roger Maris 61 mu 1961, ndipo Willie Mays adadutsa 50 kawiri. Pamenepa amati Aaron adali munthu wotolera pang'onopang'ono, amene adafika patali chifukwa chongokhalitsa. Koma taonani Maris yemweyo. Chitamenyere 61 zija sadafikenso ngakhale pa 40, ndipo moyo wake wonse wa baseball adathera pa 275. Aaron adafika pa 40 kapena kupitirira maulendo 8, koyamba ali ndi zaka 23, komaliza ali ndi zaka 39. Adatsogola ligi yake pa ma home run kanayi, pa zigoli zobwera ndi ndodo yake kanayinso, ndipo kawiri, mu 1956 ndi 1959, ndiye adali womenya wolephera kochepa kuposa onse mu ligiyo. Sadafikepo pa maulendo 100 otulutsidwa chifukwa chophonya mipira pa chaka chimodzi, chinthu chimene omenya mwamphamvu a masiku ano amachidutsa ngakhale sizoni isadathe. Akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, koma kudumpha kwa Aaron sikudali kwa pang'onopang'ono ayi. Chaka chilichonse chake chidali chaka chimene wosewera wabwino wamba akadachiyesa chachikulu pa moyo wake. Kusiyana kwake n'koti iye adachibwereza mpaka anthu kuchizolowera, ndipo chimene anthu achizolowera amasiya kuchiyamikira.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi cha Ruth. Ruth adamenya 714 zake pa maulendo 8,399 oima ndi ndodo, pamene Aaron adaima maulendo 12,364, kusiyana kwa pafupifupi 4,000. Pa ulendo umodzi ndi umodzi, Ruth adali woopsa kuposa Aaron, ndipo asadatchuke ndi ndodo adali woponya wabwino kwambiri ku Boston. Izi sindikuzikana, ndipo wofunsa kuti ndani adafika pamwamba penipeni pa zaka zake zabwino, angatchule Ruth osalakwa. Koma pali zinthu ziwiri zimene ziyenera kuikidwa pa sikelo yomweyo. Choyamba, maulendo 4,000 owonjezerawo sadali mphatso. Timu ya ligi yaikulu simpatsa munthu ndodo chifukwa chomumvera chifundo. Imampatsa chifukwa akuposabe anyamata a zaka 22 amene akudikira malo ake, ndipo kuti munthu apose anyamatawo ali ndi zaka 39 afunika kusamala thupi lake ndi mutu wake kwa zaka zonsezo. Chachiwiri, Ruth adasewera kuyambira 1914 mpaka 1935, nthawi imene ligi yaikulu idatsekera kunja munthu wakuda aliyense. Jackie Robinson adatsegula khomolo mu 1947. Choncho Ruth sadakumanepo m'magemu a ligi ndi oponya ngati Satchel Paige, amene ankasewera m'ma ligi a anthu akuda. Si mlandu wa Ruth umenewo, koma sitingachite ngati kulibe. Aaron adamenya ma home run ake pamaso pa Bob Gibson, Juan Marichal, Sandy Koufax, Don Drysdale ndi Tom Seaver, m'zaka za m'ma 1960 pamene oponya adalamulira masewerowa mpaka akuluakulu a ligi adatsitsa kachulu koimapo woponya mu 1969 kuti omenya apumeko.

Ena amati bwalo la ku Atlanta, kumene timu yake idasamukira mu 1966, lidamuthandiza chifukwa lidali pamalo okwera pamene mpira umauluka patali. Amaiwala kuti zaka 12 zoyambirira adazithera ku Milwaukee, m'bwalo losakomera omenya. Zonse zikaphatikizidwa, 385 adamenya pakhomo, 370 koyenda. Enanso amaloza kuti adalandira mphotho ya wosewera woposa onse kamodzi kokha, ndi kutenga chikho cha World Series kamodzi kokhanso, zonse mu 1957. Za chikho, mutu umodzi susenza denga: mu World Series ya 1957 adamenya ma home run atatu pogonjetsa New York Yankees, ndipo mu 1969 adamenya home run mu gemu iliyonse mwa magemu atatu olimbana ndi New York Mets, koma timu yake idagonja onse atatu. Za mphotho, amavota ndi atolankhani, ndipo atolankhani a nthawiyo maso awo adali ku New York, pa Mickey Mantle, ndi pa Mays amene naye adayambira komweko. Aaron adali munthu wachete wa m'mizinda yosamveka kwambiri, wosathamanga mpaka chipewa kugwa kuti anthu aimirire.

Nanga za Bonds? Chiwerengero chake cha 762 chili m'mabuku ndipo chikhale momwemo. Dzina lake lidatuluka pa kafukufuku wa mankhwala owonjezera mphamvu okhudza kampani ya BALCO. Iye adakana kuti sadamwepo mankhwalawo akudziwa, chigamulo chimene khoti lidamupeza nacho wolakwa mu 2011 chidafafanizidwa mu 2015, ndipo atolankhani amene amasankha olowa mu Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a masewerowa, sadamusankhe pa zaka zonse khumi zimene dzina lake lidali pa pepala lovotera. Aliyense angaweruze yekha za munthu amene adali asadapitirirepo 49 n'kudzamenya 73 mu 2001 ali ndi zaka 37. Chilungamo chikufunanso kuti tinene kuti Aaron mwini wake adavomera m'buku la moyo wake kuti mu 1968 adayesapo kamodzi piritsi lotsitsimutsa thupi la mtundu umene udali wofala pakati pa osewera nthawiyo, mtima n'kumuthamanga, ndipo sadabwerezenso. Kuulula yekha chinthu chimene palibe akadamufunsa kukuonetsa mtundu wa munthu amene adali. Usiku wa pa 7 Ogasiti 2007, Bonds atamenya ya 756, uthenga wa Aaron womuyamikira udaonetsedwa pa kanema wa m'bwalo ku San Francisco. Iye sadafune nkhondo imene ena ankamumenyera, ndipo n'zomveka: Bonds adamuposa ndi ma home run 7, koma pa ma hit, pa zigoli ndi pa ngodya zija adatsalira kutali.

Ntchito yonseyi adaigwira atasenza katundu amene Ruth sadamusenzepo. Henry Louis Aaron adabadwa pa 5 Febuluwale 1934 ku Mobile, m'boma la Alabama, m'dera limene lamulo lenilenilo linkalekanitsa azungu ndi akuda pa sukulu, pa basi ndi podyera. Adaphunzira kumenya pogwiritsa ntchito timitengo ndi zitsekerero za mabotolo, popanda womuongola, moti adakula akugwira ndodo mopingasa, dzanja lamanzere pamwamba pa lamanja, mpaka adadzamukonza atalowa kale m'matimu olipira. Mu 1952, ali ndi zaka 18, adasewera mu timu ya anthu akuda ya Indianapolis Clowns. Iye adasimba kuti tsiku lina atadya ndi anzake pa malo ena odyera mumzinda wa Washington, adamva kukhitchini mbale zikuswedwa, mbale zomwe iwo adadyeramo, kuti mzungu asadzadyerenso momwemo. Chaka chomwecho a Braves adamugula ndi madola 10,000. Mu 1953 adamutumiza ku Jacksonville, ku Florida, kumene adali mmodzi mwa akuda oyamba kusewera mu ligi ya kumwera ya South Atlantic. Anzake achizungu akagona kuhotela, iye ankakafuna malo m'nyumba za anthu akuda. Ochemerera ankamutukwana m'mabwalo. Chaka chimenecho adasankhidwa kukhala wosewera woposa onse mu ligiyo.

Zaka 20 pambuyo pake, atayandikira rekodi ya Ruth, chidani chomwecho chidamupezanso, ulendo uno kudzera pa positi. Mu 1973 adalandira makalata pafupifupi 930,000. Ambiri adali omulimbikitsa, koma zikwizikwi adali otukwana mtundu wake, ena omulonjeza imfa akayerekeza kudutsa 714. Adayamba kuyenda ndi wapolisi womulondera. Koyenda ankagona payekha, nthawi zina pa dzina lina. Mwana wake wamkazi, amene ankaphunzira ku Fisk University, adaopsezedwa kuti abedwa, mpaka a FBI adalowererapo. Sizoni ya 1973 idatha ali pa 713, kutanthauza kuti miyezi isanu ndi umodzi yopuma adaithera akudikira, osadziwa ngati adzafika mu Epulo ali moyo. Ya 714 adaimenya pa 4 Epulo 1974 ku Cincinnati, tsiku lomwe Martin Luther King adaphedwa zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Usiku wa 715 uja, mkulu wa baseball yonse, Bowie Kuhn, sadabwere ku Atlanta. Mukachionanso chithunzi chija mutadziwa izi, chimasintha. Anyamata awiri othamangira munthu amene walandira makalata a imfa chaka chathunthu akadatha kukhala ena. Kukumbatira kwa mayi ake kudali ndi mantha mkati, mantha oti wina awombera mwana wawo. Makalata oipawo Aaron sadawataye. Adawasunga mpaka ukalamba wake, kuti asadzaiwale, ndiponso kuti dziko lisadzanene kuti sizidachitike.

Apanso pali msampha. N'kosavuta kumusandutsa Aaron munthu wozunzidwa basi, woyenera ulemu chifukwa adapirira mwakachetechete, n'kuiwala kuti adali mmisiri. Ulemu wotere umakomera anthu amene amakonda munthu wakuda akakhala chete, ndipo Aaron sadali chete momwe iwo amafunira: atasiya kusewera n'kukhala mmodzi mwa akuluakulu a timu ya Braves, woyang'anira zokulitsa osewera achinyamata, adadzudzula poyera kusowa kwa makochi ndi mabwana akuda mu baseball. Chidani chija chiyenera kuwerengedwa monga gawo la umboni wa luso lake. Ntchito yake idali yoyang'ana kampira kwa theka la sekondi maganizo onse ali pamodzi. Mu 1973, chaka cha makalata aja, ali ndi zaka 39, akudziwa kuti pakati pa anthu a m'bwalo mungakhale wa mfuti, adamenya ma home run 40 pa maulendo 392 okha. Pafupifupi ulendo wa khumi uliwonse mpira unkadutsa mpanda, mlingo umene sadaufikepo ngakhale ali mnyamata. Amene amati Aaron adangokhalitsa ayenera kufotokoza chaka chimenecho.

Zaka ziwiri zomaliza adabwerera ku Milwaukee, ku timu ya Brewers, ndipo home run ya 755 adaimenya pa 20 Julayi 1976. Mu 1982 adalowa mu Hall of Fame ndi mavoti 406 mwa 415, ndipo kuyambira mu 1999 mphotho ya womenya bwino kuposa onse mu iliyonse mwa ma ligi awiri akuluakulu imatchedwa dzina lake. Wofuna kudziwa amene adakwera pamwamba kwambiri kwa kanthawi apitirize kukangana za Ruth, Mays ndi Bonds. Wofuna kudziwa amene adagwira ntchito yambiri, yabwino, kwa nthawi yaitali, pamaso pa oponya a mitundu yonse, yankho lake ndi Henry Aaron. Adamwalira ku Atlanta pa 22 Januwale 2021 ali ndi zaka 86, ndipo zigoli zake 2,297 ndi ngodya zake 6,856 zikadali pamwamba pa mndandanda mpaka lero.